A Mapopa a Mawailesi ndi Chithumwa cha Jamila

Pa Chipoka, mukatsika minibasi n'kulunjika kusiteshoni ya sitima, pali golosale ina yomwe inatsekedwa kalekale. Pakhonde pake pankakhala tebulo la miyendo itatu, mwendo wachinayi unali mulu wa njerwa. Apo ndi pomwe a Mapopa Chirambo ankakonzera mawailesi, mafoni ndi nyali zomwe asodzi amakopera usipa. Lero mukapitapo mupeza mbuzi zikubzikula. Ndikulemba za iwo poti anachoka kuno chifukwa cha ine, ndipo sindikuona wina amene angalembe.

Ine ndine Sumaiya. A Mapopa anandiphunzitsa sayansi kusekondale yoyendera kuyambira Fomu 1 mpaka teremu yachiwiri ya Fomu 3, pomwe mimba inayamba kukankha yunifolomu. Kwawo ndi ku Rumphi, kuno linawabweretsa ndi boma. Akakwiya Chichewa chinkawathawa n'kuyamba kutikalipira m'Chitumbuka, ife n'kumaseka chamumtima. Tinkawatcha a Maginito, chifukwa phunziro lililonse, ngakhale la kameredwe ka nyemba, linkakathera pa maginito.

Mbiri yawo tonse tinkaidziwa, ankaibwereza kwa Fomu 1 iliyonse. Ali mnyamata anakhoza bwino kuyunivesite, ndiye anawatumiza ku Mangalande miyezi isanu ndi inayi kukafufuza khungwa la muwawani, lomwe anthu amamwa m'mimba mukavuta. Kumeneko ankagwiritsa ntchito makina otchedwa NMR. Ankati ndi chithanki choyera, chachitali kuposa munthu, ndipo mkati mwake muli maginito oti akhoza kukulanda makiyi ali m'thumba. Madzi a khungwa lija ankawathira m'kabotolo kowonda ngati pensulo n'kukatsitsira m'chithankimo, kenako pepala linkatuluka lili ndi mizere yosongoka ngati minga ya mthethe. Pepala limodzi anabwera nalo, ankalisunga lopindira m'paipi ya pulasitiki. Ankatitambasulira patebulo la aphunzitsi, koma kukhudza ayi.

Atabwerera kumudzi kuno anapeza azungu omwe ankathandiza kafukufukuyo atalongedza. Anawauza kuti adikire, ndipo podikirapo anawapatsa choko. Anadikira zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi m'masukulu anayi, ndipo panalibe ngakhale imodzi yokhala ndi labu. Akazi awo, a Deliwe, anamwalira ali kunoko. Chaka chotsatira minibasi yomwe anakwera inagubuduka pa Kaphatenga, madokotala n'kuwaika chitsulo m'mwendo wamanzere, ndipo kuyambira apo ankayenda mokoka mwendo. Atapuma ntchito sanapite kwawo. Ankati ku Rumphi anachokako akuuza anthu kuti adzabwera ali dokotala wa mankhwala, ndiye akafike atanyamula chiyani, pulayazi?

Tsiku lomwe anamva kuti ndasiya sukulu tinakumana panjanji. Anangoti, "Iwe, ndimayesa udzakhala nesi." Zaka zitatu ndinkadzera kuseri kwa golosale ija kuti asandione.

Mwana wanga Jamila anadwala malungo a muubongo ali ndi zaka ziwiri. Anagona masiku anayi osatsegula maso. Anadzuka, Alhamdulillah, koma anatsala ndi kugwa. Amatha kumasewera bwinobwino, kenako maso tembenu, dzanja lamanzere n'kuyamba kunjenjemera, thovu kukamwa. Sabata iliyonse, nthawi zina kawiri. Bambo ake, a Hashim, ali ku Joni, amagulitsa m'shopu ya Msomali. Ine ndimakhala pakhomo pa apongozi anga, Abiti Abbas, ndipo pakhomopo mawu ndi awo.

Apongozi anamutengera mwana kwa mayi wina wazitsamba wa kumtunda. A shehe anali atanena kuti zimenezo si za dini, koma apongozi anati a shehe sanachezerepo usiku ndi mwana wophiriphitha pamiyendo. Jamila anabwerako ali ndi chingwe m'chiuno, pachingwepo kachithumwa kosokedwa ndi nsalu yakuda. Lamulo lake linali limodzi. Chisamasulidwe mpaka mwana akwanitse zaka zisanu, ngakhale posamba. Womasulayo ndiye wakhomerera nthendayo, ndipo mlandu wake ndi wa iye yekha. Ine pomusambitsa ndinkachifinya ndi zala. Mkati munali kanthu kolimba, kowonda.

Kuchipatala cha paboma anatipatsa mapilisi, koma kugwa sikunasiye. Mu Juni dokotala wina wochokera ku Lilongwe anamuona, n'kulemba kalata yoti akamujambule mutu ndi makina a MRI. Anatipatsa tsiku, komanso kapepala konena kuti mwana asadye m'mawa, ndipo asakhale ndi chitsulo chilichonse pathupi. Mnzanga Loveness, wogulitsa mandasi padoko, atamva anaomba m'manja. "Amenewo ndiye amamulowetsa mwana m'bokosi ngati maliro. Azakhali anga amati munthu amatulukamo ubongo utapsa." Ndinamufunsa ngati azakhali akewo analowamo. Anati ayi, anamva kwa ena. Koma mtima wanga unali utapita kale.

Ndinanamizira foni kuti siikulowa moto, n'kupita pakhonde paja nditabereka Jamila.

A Mapopa anaiyang'ana foniyo, n'kundiyang'ana ine pamwamba pa magalasi. "Foni iyi ili bwino kuposa mwendo wanga. Wabwerera chiyani, amake mwana?"

Ndinawapatsa kalata ija. Anaiwerenga kawiri.

"Makina amenewa ali nawo? Konkuno ku Malawi?" Anaseka pang'ono, koma sikunali kuseka kokondwa. "Awa ndi mphwake wa makina anga aja. Khala pansi. Ukuopa chiyani?"

"Akuti amaotcha ubongo, aphunzitsi."

"Akuti ndani? Tsiku lomwe ndinaphunzitsa rezonansi unali kuti?"

"Ndinali nditasiya."

Anatsokomola. "Chabwino. Uli mwana munkasewera m'mabwato a asodzi akawasiya pamadzi osaya?"

"Tinkasewera."

"Munkaligwedeza bwanji bwato kuti likafike pomwa madzi?"

Ndinati unkapendekera uku, n'kudikira libwerere, kenako n'kupendekeranso.

"Ukachita changu?"

"Siligwedera, limangonjenjemera."

"Ukachedwa?"

"Limaima."

"Basitu, rezonansi ndi imeneyo. Bwato lili ndi kagwederedwe kake. Ukalikankha pa nthawi yake, ngakhale ndiwe kamwana kopanda mphamvu, limalandira mphamvu yakoyo. Ukalikankha pa nthawi yolakwika, ngakhale ubwere ndi amalume ako, silikumvera." Anakoka wailesi yomwe inali yotsegula kumsana, n'kumapotoza kagudumu kake. Inkangoti shiii, kenako mawu a munthu anatuluka bwinobwino, atapotozanso pang'ono anasowa. "Mawailesi onse a m'dziko muno akudutsa pakhonde pano panopa. Iyi ikulandira imodzi yokha, yomwe yagwirizana nayo liwiro."

"Ndiye m'mutu mwa mwana muli wailesi?"

"Muli madzi. M'dontho lililonse la madzi muli tinthu tating'onoting'ono ta haidirojeni, ndipo pakatikati pa kalikonse pali kamtima komwe kamachita ngati kamaginito. Ukatiika m'maginito amphamvu, timitimato timayamba kuzungulira mopendama ngati nguli, pa liwiro lomwe maginitowo atipatsa. Ndiye makina amatumiza mafunde a wailesi. Akakhala a liwiro lina, amangodutsa. Akafanana ndendende ndi liwiro la ngulizo, timitima tija timalandira mphamvu n'kupendekera kwambiri, ngati bwato lija. Makina akasiya kutumiza, timabwerera m'malo mwake, ndipo pobwererapo timatulutsa kamawu komwe makinawo amamva. Ine ndinkamvera timitima ta m'khungwa la muwawani. Kalikonse kamayankha mosiyana pang'ono malingana ndi zomwe kayandikana nazo, ndiye mizere ya papepala langa ija inkandiuza mmene mankhwalawo anapangikira. Iwowa amvera madzi a m'mutu mwa mwana wako. Pabwino payankha mwina, povulala payankha mwina. Palibe moto, palibe mpeni. Saotcha."

Ndinamva ngati wina wanditula mtolo. Jamila anali atatsika kumsana n'kumagwira timawaya tapansi, ndipo powerama diresi lake linakwera.

"Ichi n'chiyani?" anatero a Mapopa.

"Ndi za agogo ake."

"Muli chiyani?"

"Sindikudziwa."

Anatenga sipikala yakufa pamulu, n'kuitembenuza kuti maginito ake ayang'ane kwa mwana. Asanachikhudze n'komwe, chithumwa chinadumpha pamimba pa Jamila n'kukamata pa sipikala, tha! Mwana anaseka, ankayesa masewera.

"Singano," anatero. "Aka ndi kamaginito ka wailesi ya mabatire awiri. Maginito a kuchipatala aja akhoza kuizula m'nsalumo n'kuiponya ngati muvi, kapena kuitenthetsa pakhungu pake. Ikapanda kutero iononga chithunzi. Chichoke."

"Sichimasulidwa, aphunzitsi. Ndichibisa m'thewera. Manesi sakaona."

"Manesi sakaona, eya. Maginito alibe maso, koma sabisidwa kanthu."

"Mukufuna andithamangitse pakhomo paja? Inu simuwadziwa Abiti Abbas."

"Ndimawadziwa, anandibwezera tochi katatu." Anavula magalasi n'kumawapukuta ndi malaya. "Ndikuperekeza. Ku Lilongwe sukudziwako, komanso ndikufuna ndikaone."

Apongozi analola, poti iwo minibasi imawasanzitsa. Anangondiuza pachipata kuti, "Chingwecho asachikhudze munthu."

A Mapopa anabwera atavala tayi ndi jekete ya buluu yomwe ankavala pa tsiku lotsekera sukulu. Paipi ya pulasitiki ija anaikolekera m'khwapa. Njira yonse kukwera mapiri a ku Dowa ankalankhula, ine ndikungoyang'ana maso a Jamila, chifukwa ndinaphunzira kuti kugwa kumayambira m'maso.

Kuchipatalako anatilowetsa m'kanjira kozizira. Pansi panali mzere wachikasu, kutsogolo kwake chitseko chachikulu. Nesi wina wonenepa, wamawu okoma, anabwera ndi pepala la mafunso.

"Mayi, mwanayu wadya?"

"Ayi."

"Ndolo, mapini, ndalama yomeza, chilichonse chachitsulo?"

"Palibe," ndinatero.

Chithumwa chinali m'thewera, ndinachikankhiramo tili m'chimbudzi. A Mapopa anangoyang'ana nsapato zawo. Nesi analemba, n'kupita kukatenga mankhwala ogonetsa mwana.

"Simunena?" ndinawafunsa motsitsa mawu.

"Akabwera kudzamunyamula ndinena. Koma ndikadakonda unene ndiwe. Mwana ndi wako."

Ndinayesa kumasula mfundo ija ndi zikhadabo, ndinayesa ndi mano. Inali itauma gwa ndi thukuta ndi sopo wa miyezi inayi. Ndinatambasula dzanja kwa a Mapopa. Anapisa m'thumba la jekete n'kutulutsa kapulayazi kawo kodulira mawaya, n'kukaika pabenchi pakati pathu. Ndinakatola ndine. Ndinadula ndine. Ndikufuna zimenezi zilembedwe bwino.

Jamila atagona anamunyamula. Apo a Mapopa anaimirira, n'kukonza tayi, n'kumuyandikira mnyamata woyendetsa makinayo. Anamulankhula m'Chingerezi chawo chija cha ku Mangalande, kuti iwo anagwirapo NMR, akupempha angoona pang'ono. Anayamba kusolola pepala m'paipi.

Mnyamatayo anayang'ana mwendo wawo. "Mukutsimphina bwanji, madala?"

"Muli chitsulo. Ngozi ya minibasi."

"Chamtundu wanji? Mapepala ake muli nawo?"

"Anandiika basi, sanandiuze."

"Ndiye musadutse mzerewu. Khalani pabenchi apo, tili ndi anthu ambiri." Chitseko chinatsekeka. Pepala lija linali litatuluka theka. Analibwezeramo pang'onopang'ono kuti lisang'ambike.

Kenako kunayamba kugogoda, ngati amisiri khumi akukhoma malata nthawi imodzi. Ndinadzuka kuti ndithamangire chitseko, iwo n'kundigwira mkono.

"Khala. Izo ndi mawaya chabe akugwedera. Rezonansi yeniyeniyo siimveka ndi makutu." Anakhala atatseka maso, mutu atapendekera kuchitseko, mpaka phokoso linatha. Ine ndinali nditasolola ulusi m'mphepete mwa chitenje changa n'kumapota, kuti ndilumikizire chingwe chija.

Masana dokotala anationetsa chithunzi pakompyuta. Ndinaona mkati mwa mutu wa mwana wanga, motuwa ngati phulusa, ndi malo ena owala mbali yakumanja. Anati ndi chipsera chomwe malungo anasiya. Chotupa palibe, opaleshoni siikufunika. Anasintha mankhwala, n'kunena kuti azimwa m'mawa ndi madzulo osadumphitsa, ndipo tidzabwerenso pakatha chaka adzaone kadontho kena komwe sanakamvetse bwino. A Mapopa anafunsa funso lalitali. Dokotalayo anayankha mwachidule akuyang'ana wotchi.

Pobwerera, titangodutsa pa Mvera, Jamila anagwa m'minibasi. Kunali kugwa koopsa kuposa konse, milomo inachita kuda. Dokotala anali atanena kuti zikhoza kuchitika, poti mwana anakhala ndi njala ndipo mankhwala atsopano sagwira tsiku lomwelo. Koma m'minibasimo munali mayi wina wa pa Chipoka, ndipo nkhani inafika kwathu ife tisanavule nsapato.

M'mawa mwake apongozi anati amusambitsa okha. Ndinali ndikutsuka mbale pomwe ndinamva madzi asiya kukhavuka.

"Sumaiya. Tabwera."

Anali atagwira chingwe ndi zala ziwiri, pamfundo yanga ya ulusi wofiira.

"Mfundo iyi si yanga. Wadula ndani?"

Azilamu anga awiri anatuluka m'nyumba. Ndinaona chikwama changa chili pamsewu, ndinaona a Hashim akuimba foni kuchokera ku Joni, ndinaona mwana wanga akugwa kwa amayi anga ku Chinguluwe komwe chipatala chili kutali. Zonsezi ndinaziona nthawi imodzi, sopo ali m'manja.

"Ndi aphunzitsi," ndinatero. "Ine ndinali kuchimbudzi."

Apongozi sanavale n'komwe nsapato. Anafika pakhonde paja anthu akuchokera kudoko, ndipo mawu awo ankamveka mpaka kusiteshoni. "Mtumbuka iwe, unabereka ndiwe mwana ameneyu? Ana ako unawasiya kwanu, ukudzadula zingwe za ana a eni? Unkaufunira chiyani mutu wa mdzukulu wanga ku Lilongwe?" Loveness ndi amene anandiuza, ine ndinabisala m'bafa. Akuti a Mapopa anaika pansi chowotcherera mawaya, n'kumvetsera mpaka apongozi anatopa. Kenako anati, "Munali singano, mayi. Ikanamubaya." Sananene kuti sanadule ndi iwo.

Pa Chipoka nkhani siyenda yokha, imabereka m'njira. Pofika Lachisanu, potuluka kumzikiti, inali yoti a Maginito anapita ndi mwana kukamuchotsa nzeru kuti akhwimire bizinesi. Ena ankati paipi ija amasungiramo zinthu. Asodzi ndi anthu oopa tsoka. Bwato lina litabwera lopanda kanthu masiku awiri, anakumbukira kuti nyali zake anakonza ndi iwo. Anayamba kupita nazo nyali ku Salima, kukwera minibasi ulendo wonsewo, kusiyana n'kuti azikhudze a Mapopa. Mawailesi anasiya kubwera, mafoni nawo. Anthu omwe anawaphunzitsa, ena ndi a ntchito zawo tsopano, ankawoloka njanji akawaona.

Ndinkawaona ndili patali ndikamapita kuchigayo. Ankabwerabe m'mawa uliwonse, kuyala zida zawo patebulo, n'kukhala. Tsiku lina mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, ndinalimba mtima n'kukwera pakhonde paja. Ndinali nditakonza mawu ambiri.

"Aphunzitsi, ine..."

"Akumwa mankhwala?"

"Akumwa."

"Wagwa kangati chibwerereni?"

"Kawiri."

"Miyezi inayi, kawiri. Kale?"

"Sabata iliyonse."

"Uzilemba m'kope, tsiku ndi nthawi yake, dokotala adzafuna. Usadumphitse ngakhale apongozi ako anene chiyani. Pita, anthu akuona."

"Bwanji simunawauze kuti ndinadula ndine?"

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi, ndipo nkhope yawo sinali yachifundo. "Akanakuthamangitsa, mapilisi akanamupatsa ndani? Usaganize kuti ndakukhululukira. Ndangowerengera."

Mvula yoyamba itagwa, mwana wawo wamkazi anabwera kuchokera ku Mzuzu ndi kalole kakang'ono. Anakweza bedi, mipando iwiri ndi makatoni a mawailesi akufa omwe a Mapopa anakana kusiya. Palibe anabwera kudzatsanzika. Ine ndinaima kuseri kwa mpanda wa siteshoni, Jamila ali kumsana. Ndinamva mwezi wa Marichi kuti shuga wawagwira, maso ayamba kuchita khungu. Nambala yawo ndili nayo. Ndaiimbapo kawiri n'kudula isanalire.

Jamila tsopano ali ndi zaka zitatu ndi theka. Chaka chino wagwa katatu kokha, ndipo dzanja lamanzere layamba kugwira kapu. Apongozi amauza aliyense kuti ndi mphamvu ya chithumwa chatsopano chomwe anakatenga kumtunda kuja, atalipira mbuzi yopepesera. Mapilisi amati ndi zanga zachizungu, amandilola poti sizivuta munthu. Ndimamupatsa m'mawa ndi madzulo, n'kulemba m'kope lomweli, kumapeto kwake.

Tsiku lobwerera ku Lilongwe ndi pa 14 Julaye, kwatsala masabata atatu. Dzulo pomusambitsa ndinachifinya chithumwa chatsopanocho. Muli tiwiri, tolimba, towonda. Chingwe chake ulendo uno ndi cha nayiloni ya ukonde, ndipo mfundo yake apongozi anaiotcha ndi moto kuti isungunuke. Anenanso kuti ulendo uno apita nawo, asanze asasanze. Ndagula lumo, lili m'chikwama pansi pa kalata ya dokotala. Ndidzadula iwo akuona, poti pabenchi ija sipadzakhala mlendo woti ndimunamizire.